Mabuku Atatu Amene Ndinapatsira Kalisto

Mufakose, Harare
16 February 1986

Okondedwa achemwali anga a Stelia,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa mayi kumeneko ku Nsambe. Kodi mwendo wa mayi uja unaphwa? Nanga inu, chifuwa chimene chimakuvutani mvula ikayamba chakulekani chaka chino? Ife kuno tiliko. Bambo a Chrissy akupitabe ku ntchito yawo ya njanji, ine ndikusokabe makolala a malaya ku fakitale kuja. Chrissy walowa Giredi 3, ndipo Chishona chamulowa pakamwa moti akandiyankha ndimachita kumufunsa kawiri. Mvula ikugwa bwino, denga la chipinda cha ana ndilo likudontha.

Kalatayi sinadzere ku positi. Mayi amene akupatseniwo ndi a mpingo wathu kuno, akupita kukaona odwala ku Neno Boma, ndipo sakudziwa zimene zalembedwamo. Muwerenge muli nokha. Musawawerengere mayi monga mumachitira ndi makalata anga ena, ndipo mukamaliza muiponye pamoto.

Achemwali, msuweni wathu Kalisto, mwana wa amalume a Ezekiele, anamugwira pa boda yolowera kwathu masabata atatu apitawo. Lole yake inapitirira ndi dalaivala wina, iye anatsala. Mpaka lero palibe amene akudziwa kumene anamutengera. Anamugwira chifukwa cha mabuku atatu amene ndinamupatsira kuti akusiyireni. Ndikufuna ndikufotokozereni zonse kuyambira pachiyambi, chifukwa pali china chimene ndinachita chimene chikukhudza inu.

Mukukumbukira kalata yanu ya pa Khirisimasi ya 1984. Munandilembera za buku lija lopanda chikuto limene anakusiyirani mayi wachizungu amene ankakuphunzitsani ku koleji ya aphunzitsi. Nkhani yake ya chombo chachikulu ngati mudzi, chouluka zaka mazanamazana kulowera ku nyenyezi ina, anthu akubadwira ndi kufera momwemo. Akazi m'chombomo saloledwa kuphunzira masamu oyendetsera, ntchito yawo n'kubereka ndi kuchapa. Ndiye mkazi wina wokolopa m'chipinda cha oyendetsa amaphunzira masamuwo mobisa, n'kuzindikira kuti akuluakuluwo anasochera kalekale ndipo akungonamiza anthu. Munati munalekera pomwepo. Munkawawerengera atsikana a Sitandade 8 masana aliwonse a Lachisanu, mpaka kholo lina linakanena, amuna a boma aja anabwera, anatenga buku, anatenga ntchito yanu, n'kukutengani inunso miyezi inayi ija imene simuikamba.

Zaka zonse zimene ndakhala kuno simunandipemphepo kanthu, ngakhale sopo. M'kalata imeneyo munangoti mukamapalira mbatatesi mumadzifunsa kuti kodi mkazi uja zinamuthera bwanji. Munati ngati kuno kuli mabuku otere, olembedwa ndi akazi, onena za maiko amene kulibe koma akazi akuganiza ndi mitu yawo, ndikuyang'anireko. Inu ndinu munandiphunzitsa kuwerenga Chingerezi ndili ndi chipere kumutu. Ndikanakana bwanji?

Ndinkayesa ndi ntchito ya Loweruka limodzi. Ndinayamba ndi sitolo yaikulu ya mabuku m'tauni. Bambo wogulitsa anandifunsa dzina la buku, ndinati sindikulidziwa. Anafunsa dzina la wolemba, ndinati chikuto chinang'ambika ndisanalione. Nditamufotokozera nkhani yake anaseka, n'kundilozera shelefu ya timabuku ta chikondi, tija ta namwino ndi dokotala atakumbatirana pachikuto, amvekere akazi amawerenga timeneti. Ku laibulale anandipatsa kabati ya makadi kuti ndifufuze ndekha. Ndinaima pamenepo mpaka miyendo kuwawa, koma makadiwo amafuna munthu wodziwa kale dzina.

Kenaka ndinayamba kuzungulira ogulitsa mabuku akale mumsika wa Mbare ndi m'makhonde a masitolo. Mabuku a zombo ndi nyenyezi analipo ambiri ndithu, koma onse olemba amuna. Pachikuto mwamuna wanyamula mfuti, mkazi ali pafupifupi mbulanda, chilombo chamunyamula. Ndinagulako awiri poganiza kuti mwina m'kati ndi mosiyana. Ayi ndithu. Mkazi akangotsegula pakamwa m'mabuku amenewo ndiye kuti akukuwa.

Mkulu wina wa ku Dedza amene amagulitsa mabuku pansi pa mtengo anandimvera chisoni. Anati ndizipita kunyumba za azungu amene akusamukira ku Joni, chifukwa Loweruka amayala katundu pakapinga n'kumagulitsa. Ndinapita nyumba zisanu ndi ziwiri, miyezi yosiyanasiyana. Kwina galu anandithamangitsa, kwina mayi wa nyumbayo anandiyesa wofuna ntchito ya m'khitchini. Ndinkagwada pa makatoni n'kumatsegula buku lililonse lokhala ndi nyenyezi pachikuto, kufunafuna dzina la mkazi wokolopa lija munandilembera. Bambo a Chrissy anayamba kudandaula kuti Loweruka lililonse ana akusamba okha. Anati ndalodzedwa ndi buku limene sindinalionepo.

Amene anandithandiza ndi Mai Moyo. Ndi mayi wa konkuno, anamenya nawo nkhondo ya ufulu ali mtsikana, ndipo tsopano iye ndi anzake ali ndi kachipinda pamwamba pa sitolo ya nsapato, mmene amasungamo mabuku a nkhani za amayi. Mnzanga wa ku fakitale ndiye anandilondolera. Nditangofika pa mkazi wokolopa uja, Mai Moyo anaomba m'manja, anati bukulo analiwerengapo ali kunja koma alibe. Anandifotokozera chifukwa chake mabukuwa amasowa. Akuti amasindikizidwa ochepa, kawirikawiri ndi timagulu ta akazi okhaokha kutsidya kwa nyanja, akatha sabwerezanso, ndipo masitolo a kuno saitanitsa chifukwa amati palibe angagule. Analembera mnzake ku London. Mnzakeyo anafufuza m'masitolo a mabuku akale miyezi isanu. Kalata ziwiri zinasowa panjira.

Phukusi linafika mwezi wa December. Munali buku lanu lija, chikuto chili chonse, ndi ena awiri amtundu womwewo amene mayi wa ku London anaonjezera mwa kufuna kwake. Achemwali, ndinalira pamaso pa anthu. Mai Moyo anandifunsa mmene ndiwatumizire, ndipo nditati kudzera mwa m'bale, anandichenjeza. Anati amamva kuti kwathu mabuku amawaopa kuposa mfuti, ndiye ndiganize bwino. Ndinayankha kuti ndi nthano chabe.

Lanu lija ndinaliwerenga lonse ndisanalikulunge, dikishonale ili pambali, nthawi yopuma ku fakitale. Nditamaliza ndinatenga cholembera n'kulemba patsamba loyamba ndi dzanja langa labwino lija munkaliyamikira. Ndinalemba kuti kwa aphunzitsi anga oyamba, Stelia Lameki, Nsambe, kuti amalize. Ndinasainira dzina langa. Ndinakulunga onse atatu m'pepala la khaki n'kumanga ndi ulusi wa ku ntchito.

Kalisto anafika kwathu pa 22 January, Lachitatu masana, lole yake ikupakiridwa feteleza. Anadya nafe, anaseweretsa ana, anatiuza za msewu wa ku Tete, mmene amayendera pamndandanda asilikali ali kutsogolo ndi kumbuyo, ndi malole opsa amene amawadutsa m'mbali mwa msewu. Anati mkazi wake Dailesi ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ulendo uno akapempha tchuthi kuti akakhale naye ku Matandani. Anali atamugulira bulangete la mwana, anatitulutsira kuti tione.

Nditamuonetsa phukusi anafunsa kuti muli chiyani. Nditati mabuku, anabweza manja kumbuyo ngati ndamupatsa mbaula. Anati nsapato, shuga, ngakhale wailesi angathe kunyamula, koma mapepala ayi. Anati pa boda masiku ano amatsegula ngakhale nyuzipepala yokulungira nsomba. Ine m'malo momumvera ndinamunyoza. Ndinati mwamuna wodutsa pakati pa zipolopolo mwezi ndi mwezi angaope timabuku ta nthano? Ndinamukumbutsa kuti inu ndinu munamuphunzitsa kulemba kalata yofunsira ntchito yomwe akudyerayo. Ndinanena zimenezi pamaso pa bambo a Chrissy, ndipo ndinaona kuti zamulasa.

Analandira phukusilo. Ali pakhomo anatembenuka n'kundifunsa mawu amene sakundichoka m'makutu: "Enelesi, simunalembemo dzina la munthu, eti?"

Ndinati ayi.

Sindikudziwa chimene chinandigwira lilime. Mwina ndinaopa kuti akana kachiwiri. Mwina ndinangoumira kung'amba tsamba limene ndinalilemba mokongola. Ndaganiza tsiku ndi tsiku ndili pamakina, yankho labwino sindikulipeza. Ndinamunamiza, basi.

Zimene zinachitika pa boda ndazimva kwa a Lenard, dalaivala mnzake wa Kalisto amene anali kumbuyo kwake pamzere. Anabwera kwathu Lamlungu lapitali atangofika kuchokera ku Blantyre. Akuti anafika pa boda cha m'ma 2 koloko masana, dzuwa lili phwee, ndipo tsiku limenelo ankasecha lole iliyonse mpaka pansi pa mipando. Phukusi analipeza kuseri kwa mpando, litakulungidwa mu ovolosi. Wosechayo anadula ulusi, n'kuona chikuto cha limodzi mwa mabuku oonjezera aja, pamene anajambulapo akazi atatu atavala mathalauza, tsitsi lometa, mmodzi atakweza chibakera. Anaitana mnzake. Mnzakeyo anawerenga za kuseri kwa chikuto mokweza, pang'onopang'ono, ndipo atafika pa mawu onena za kugwetsa olamulira anasiya, n'kumuuza Kalisto kuti atsike ndi makiyi.

A Lenard akuti Kalisto anayesa kufotokoza kuti ndi nthano za kumwezi, iye sadziwa n'komwe zimene zili m'katimo. Anamufunsa kuti akupita nawo kwa yani. Anayankha kuti anawatola pa depoti, amafuna azikulungira fodya. Pamenepo anamumenya khofi. Atamaliza kudinditsa mapepala awo, a Lenard anasuzumira pawindo la kachipinda kakumbuyo, n'kumuona atakhala pansi pa simenti, nsapato ndi lamba atamuvula, mlomo ukutuluka magazi. Mabuku anali patebulo, la akazi atatu lija pamwamba, lanu ndi linalo pansi pake, osatsegula. Kalisto atawaona anangopukusa mutu kuti apitirire. Pobwerera patatha sabata, a Lenard anafunsa mayi wogulitsa nthochi pamenepo, ndipo anati galimoto yopanda zolemba inadzamutenga tsiku lotsatira m'mamawa.

Mwaona tsono, achemwali. Kalisto anakana kutchula dzina lanu, akukhulupirira kuti m'mabukumo mulibe dzina la munthu chifukwa ine ndinamuuza choncho. Tsiku limene adzatsegule tsamba loyambalo adzamupeza wabodza, ndipo adzamumenyera bodza langa. Kenaka adzaona dzina lanu ndi mudzi wanu. Inu dzina lanu lili kale m'mafaelo awo, ndipo kwa anthu amenewo mlandu suwola.

Mwina pamene mukuwerenga kalatayi afika kale. Mwina sanatsegule n'komwe, anangowaponya m'kabati. Sindikudziwa. Ndinapita ku ofesi ya kampani ya Kalisto kuno, bwana wake anati iwo amayendetsa katundu, za ndale za dziko la eni sazilowerera, ndipo lole aipatsa kale munthu wina. Bulangete la mwana lija a Lenard analipeza m'lolemo, ali nalo. Bambo a Chrissy anandiletsa kupita ku ofesi ya dziko lathu kuno, anati ndikangopereka dzina langa ndiye kuti ndawamalizira ntchito ofufuzawo. Sakundilankhula bwino masiku ano. Sanandikalipire, angoti anamva ndi makutu awo Kalisto akufunsa, ndipo anamva ndi makutu awo ine ndikuyankha.

Za inu, chotsani m'nyumbamo chilichonse cholembedwa. Makalata anga onse, makope anu akale a ku koleji, ngakhale timabuku ta ana tija mumaphunzitsira adzukulu a oyandikana nawo pakhonde. Musiye Baibulo ndi buku la nyimbo. Khadi la chipani lanu ndi la mayi akhale pafupi. Akabwera, muwauze kuti simunandipemphe kanthu, ine ndinangotumiza ndekha chifukwa ndine wopusa wa m'tauni amene anaiwala malamulo a kwawo. Munene choncho ndithu, musandititeze. Ine ndili kutali, sangandifike. Chimene ndataya n'chakuti sindingapondenso kwathu, ngakhale mayi atadwala, ndipo chimenecho ndachivomera.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndi lolemera. Mupite ku Matandani mukamuuze Dailesi. A Lenard akuti kampani sinatumize uthenga uliwonse, ndiye iye akungoyesa kuti mwamuna wake wachedwa ndi asilikali ku Tete monga zimachitikira. Akumuyembekezera tsiku ndi tsiku ndi mimba ija. Asamve kwa anthu a pamsika kapena kwa amuna odzasecha nyumba. Ndikudziwa kuti ndi mtunda, ndipo mvula ino mitsinje yadzaza, koma palibe wina amene ndingamutume. Mukamuuze zoona zake zonse, kuti mabuku anali anga, kuti mwamuna wake anakana, kuti ndinamukakamiza ndi kumunamiza. Asaganize kuti Kalisto ankachita zobisika kuseri kwake. Akafuna kutukwana, atukwane dzina langa. Za amalume muone nokha ngati mtima wawo ungapirire, inu ndinu mukuwaona.

Tsono mapeto a buku lija ndikuuzani, popeza ndi okhawo angakufikeni.

Mkazi wokolopa uja sanapite kwa akuluakulu. Anayamba kuphunzitsa anzake m'chipinda chochapira, akulemba masamu pakhoma ndi sopo kuti wina akamabwera angothirapo madzi. Anayamba ndi awiri, anafika khumi ndi anayi. Mmodzi mwa iwo anakaulula kwa mwamuna wake, osati mwa nkhanza, ankangofuna kumuonetsa zimene wadziwa. Anamugwira mkazi uja, anamuweruza kuti wasokonezeka mutu, n'kumutsekera m'chipinda cha pansi pa chombo mpaka anakalamba ndi kufera momwemo. Chombo sichinatembenuke. Tsamba lomaliza likungonena kuti patapita zaka makumi atatu oyendetsa onse odziwa masamu anatha kufa, ana awo aamuna anali atangoloweza manambala osawamvetsa, ndipo tsiku lina m'mawa mmodzi wa iwo anatsikira kochapira, chipewa chili m'manja, n'kufunsa ngati pali amene angathe kuwerengera mtunda. Amayi anapitiriza kuchapa. Buku lathera pomwepo, osanena ngati wina anadzutsa mutu.

Nditawerenga koyamba ndinaona ngati ndi mapeto abwino. Lero akundinyansa. Pafupifupi chaka chathunthu ndinayenda m'misika ndi m'makomo a azungu, munthu wa ku London anavutika, Kalisto ali kumene aliko, zonsezi chifukwa cha nthano imene ngakhale mwini wake sanafune kuimaliza. Ndinanena zimenezi kwa Mai Moyo ndikulira. Anangoti amene anamenya Kalisto si ine ndipo si buku, koma bodza lija ndi langa ndithu, ndilisenze. Anati mnzake angathe kufunanso lina. Ndinamuuza kuti asavutike.

Inu mwina muwaona mosiyana mapetowo. Munali ndi mutu woposa wanga kuyambira kale, ndipo munalipira kale mtengo wake wa bukuli ine ndisanalione. Sindikukuimbani mlandu chifukwa chondipempha. Munapempha buku, simunapemphe kuti ndilembemo dzina lanu.

Mayi obweretsa kalatayi adzanyamuka ku Boma pa 8 March. Musandilembere kalata. Mukangowapeza pa tchalitchi Sabata lomaliza n'kuwapatsa moni, iwo adzandiuza kuti anakuonani ndi maso, ndipo zimenezo zindikwanira. Akadzabwera osakuonani ndidzadziwanso.

Mundiperekere moni kwa mayi, muwauze kuti adzukulu awo akukula ndipo Chrissy amawatchula. Moni kwa achimwene a William ndi alamu, kwa azakhali a Yunike ndi ana awo onse, ndi kwa amayi a Dorika amene ankaimba nane. Kwa amalume a Ezekiele ndi kwa Dailesi musaperekeko moni wanga. Ndilibe nkhope yowapatsira moni mpaka mwana wawo atapezeka.

Mulungu akusungeni pakhomopo.

Ndine mng'ono wanu wokulakwirani,
Enelesi